Mwana pa mphambano ya misewu

M'masukulu a m'cigawo ca Tete ana amaphunzira kawolokedwe ka msewu. Mphunzitsi amalemba mizere iwiri pa bolodi, kapena pansi ndi kamtengo ngati kalasi ili patsinde pa mtengo, n'kunena kuti uwu ndiye msewu. Kenaka ana onse amanena pamodzi: ima, yang'ana kumanja, yang'ana kumanzere, yang'ananso kumanja, woloka. Amayamba ndi kumanja cifukwa m'dziko la Moçambique galimoto zimayenda mbali ya kumanzere, motero galimoto yoyamba kufika pa munthu woima m'mphepete imacokera ku dzanja lake lamanja.

Phunziro limeneli ndi labwino, ndipo palibe mphunzitsi woyenera kulisiya. Koma lili ndi vuto limodzi: limasenzetsa katundu yense munthu wamng'ono kuposa onse pa msewu. Mwana wa zaka 7 akuuzidwa kuti asalakwitse ngakhale kamodzi. Kodi alipo mwana wotero? Mwana amaiwala, amathamangira mpira, amatsata mnzake amene wawoloka kale. M'kalasi akalakwitsa samu, mphunzitsi amakonza ndi colembera cofiira ndipo mawa mwanayo amayesanso. Pa msewu, akalakwitsa kamodzi patsogolo pa lole yodzaza feteleza, mawa lake kumakhala maliro.

N'cifukwa cake misewu ya m'mizinda iyenera kumangidwa mwa njira yakuti mwana akalakwitsa, abwerere kwa amake ali ndi mantha kapena ndi bala pa bondo basi. Zimenezi n'zotheka, ndipo zambiri mwa izo sizifuna ndalama zoopsa.

Mwana wokulira m'midzi ya ku Angónia kapena ku Tsangano amadziwa njira ya mtundu wina. Njira ya kwawo ndi ya mapazi, ya njinga ndi ya ngolo za ng'ombe. Galimoto ikamabwera imamveka ikadali kutali, fumbi lake limaoneka kuseri kwa minda, ndipo nkhuku zomwe zimakhala ndi nthawi yothawa. Tsiku lina mwanayo atengedwa kupita ku Tete, kukaona amalume ake kapena kukapitiriza sukulu. Atsika pa chapa, aima pa mphambano ya misewu inayi, nacita monga anaphunzirira. Ayang'ana kumanja, kumanzere, kumanjanso. Koma pa mphambano galimoto sizicokera mbali ziwiri zokha. Ina ikubwera kutsogolo ndipo ikhotera kwa iye. Ina ikucokera kumbuyo kwake, nayonso ikukhota. Chapa yaima pakona penipeni kutsitsa anthu ndipo yamuchinga maso. Kuseri kwa chapayo kukutulukira njinga yamoto, ndi txopela pambuyo pake. Mwanayo sanalakwe ciliconse. Phunziro la pa bolodi linali la msewu umodzi wowongoka, pamene iye waima pa malo amene misewu imalimbana.

Palinso cina cimene akulu amaiwala. Mwana ndi wamfupi. Galimoto yoimikidwa m'mphepete imamubisa yense, ndipo iye saona kuseri kwake. Dalaivala wa lole amakhala pamwamba kwambiri, kotero kuti mwana woima pafupi ndi mphuno ya lole saoneka konse. Lole yaitali ikamakhota, matayala a kumbuyo satsata pamene apita a kutsogolo, amadula kona n'kupita pomwe paima anthu. Ndiponso mwana wamng'ono sanakhwime pa kuyeza liwiro ndi maso. Akaona galimoto kutali amati ili kutali basi, osazindikira kuti ifika asanathe masitepe asanu.

Misewu ya ku Tete sinali yodzaza cotere nthawi zonse. Mlatho waukulu wa pa Zambezi, womwe lero ukuchedwa Samora Machel, unatha kumangidwa mu 1973, ndipo ndi wautali mamita 720. Pa zaka za nkhondo, malole opita ku Malawi kucokera ku Zimbabwe ankayenda pamndandanda, moperekezedwa ndi asilikali, ndipo anthu wamba ankaopa kuyenda. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, othawa nkhondo anabwerera kwawo, misika inatseguka, ndipo msewu wocokera ku Cuchamano kudzera mu Tete ndi Moatize mpaka ku Zóbuè unadzaza. Pambuyo pake kunabwera migodi ikuluikulu ya malasha ku Moatize, imene inayamba kutumiza malasha kunja mu 2011. Anthu anaculuka, nyumba zinafalikira ku Matundo ndi ku Chingodzi, galimoto zinaculukanso. Kwa zaka zambiri lole iliyonse yowoloka Zambezi pa Tete inkadutsa pa mlatho umodzi womwewo, pakati pa mzinda, pamodzi ndi ana a sukulu, amayi osenza madengu ndi anyamata a njinga.

Mu 2014 unatsegulidwa mlatho wacwiri, wa Kassuende, kumunsi kwa mzinda, kuti malole olemera azilambalala. Nchito imeneyo ikuphunzitsa cinthu cacikulu. Palibe amene anaganiza zothetsa vuto la malole powuza anthu a mumzinda kuti azisamala kwambiri. Anasintha njira ya malolewo. Nzeru yomweyo ndiyo ikufunika pa mphambano iliyonse yaing'ono, pa geti la sukulu ndi pa khomo la msika.

Cimene cimapha pa msewu ndi liwiro, ndipo samu yake mwana wa kalasi yacisanu angaiwerengere yekha. Lamulo la pa msewu lomwe linatuluka mu 2011 linaika makilomita 60 pa ola kuti akhale malire a galimoto zazing'ono m'mizinda ndi m'matauni. Makilomita 60 ndi mamita 60,000. Ola limodzi lili ndi masekondi 3,600. Pogawa, zikutuluka kuti galimotoyo imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi iliyonse. Dalaivala wamaso, wosaledzera, wosagwira foni, amatenga ngati sekondi imodzi kucokera pamene waona mwana kufikira pamene phazi lake lagwira buleki. M'sekondi imeneyo galimoto yadya kale mamita 17. Mabuleki akagwira pa tara wouma, pamafunikanso mamita ngati 20 kuti iime. Pamodzi ndi mamita 37.

Galimoto yoyenda makilomita 30 pa ola imayenda mamita 8 m'sekondi yoyambayo, n'kuonjezera mamita 5 a mabuleki. Pamodzi ndi mamita 13. Tsono mwana akatulukira mamita 15 patsogolo pa galimoto ziwirizi, ya 30 imaima osamukhudza, dalaivala n'kutulutsa mutu pa windo kumukalipira. Ya 60 imafika pa mwanayo dalaivala asanaponde n'komwe buleki. Dalaivala ndi mmodzi yemweyo, mtima wake ndi womwewo, mwana ndi yemweyo. Casiyanitsa ndi liwiro lokha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, lomwe m'Cipwitikizi amati OMS, linalemba kuti mwa anthu 10 ogundidwa ndi galimoto yoyenda makilomita 30 pa ola, pafupifupi 9 amakhala ndi moyo, koma liwiro likakwera opulumuka amacepa msanga. Bungwe lomwelo linanena mu 2023 kuti ngozi za pa msewu zimapha anthu pafupifupi 1,190,000 pa caka pa dziko lonse, ndi kuti kwa ana ndi acinyamata a zaka 5 mpaka 29 palibe matenda amene amapha ambiri kuposa msewu. Mu Febuluwale 2020 nduna za maiko ambiri zinakumana ku Stockholm, m'dziko la Sweden, ndipo zinagwirizana kuti pamene galimoto zimasakanikirana ndi oyenda pansi ndi okwera njinga, malire akhale makilomita 30 pa ola.

Madalaivala ena adzati zimenezi ziwacedwetsa. Samu ikuyankhanso. Mtunda wa mamita 500 kutsogolo kwa sukulu umatenga masekondi 30 pa liwiro la 60, ndipo umatenga masekondi 60 pa liwiro la 30. Wataya theka la mphindi. Lole yomwe idzaima maola angapo pa malire a Zóbuè kudikira mapepala singalire cifukwa ca theka la mphindi. Akulu anati kuthamanga si kufika.

Koma cikwangwani colembedwa 30 sicicepetsa liwiro pacokha. Pa msewu wotakata ndi wowongoka phazi limalemera lokha pa mafuta, ndipo wapolisi sangaime pa kona iliyonse usana ndi usiku. Dalaivala aliyense amacepetsa liwiro akaona ng'ombe pa msewu, cifukwa ng'ombe imaphwanya galimoto. Mwana saphwanya galimoto. N'zomvetsa cisoni kunena conco, koma ndi mmene zilili, ndipo womanga msewu ayenera kuyambira pamenepo. Msewu weniweniwo uyenera kukakamiza dalaivala. Ndiyo nchito ya lomba, mtumbira uja wa pa msewu. Lomba sagona, salandira kanthu m'manja, sasankha galimoto ya bwana kapena chapa. Komabe lomba woipa ndi ngozi inanso. Mtumbira wosongoka, wopanda utoto, wopanda cikwangwani coucenjeza, umagwetsa wa njinga yamoto usiku ndipo umavutitsa ambulansi. Lomba wabwino ndi wotambalala, wokwera pang'onopang'ono, wopakidwa utoto woonekera kutali. Woposa onse ndi uja wokhala ndi msana wathyathyathya, pamene mizere yoyera yowolokerapo anthu imalembedwa pamwamba pake. Pamenepo mwana amawoloka ali pamwamba pang'ono, akuoneka bwino, galimoto itacepetsa kale liwiro.

Pa msewu waukulu pakufunikanso kacilumba pakati. Wowoloka mtsinje wotakata amayamika akapeza mcenga pakati pa madzi, popeza amapumapo n'kuyang'ana bwino mbali yotsalayo. Kacilumba ka simenti pakati pa msewu kamagwira nchito yomweyo. Mwana amayang'ana kumanja kokha, n'kufika pakati, kenaka kumanzere kokha. Nchito yovuta yagawidwa pawiri. Agogo oyenda ndi ndodo nawonso amapeza poima.

Pa mphambano penipeni, makona otambalala kwambiri amalola galimoto kukhota osacepetsa liwiro, ndipo amatalikitsa mtunda umene munthu ayenera kuwoloka. M'misewu ya m'kati mwa mzinda, mmene malole aakulu alibe cifukwa colowera, makona angathe kufupikitsidwa. Ndipo pafupi ndi kona pasaimikidwe galimoto, ngakhale chapa. Malo oimira chapa asunthidwe mamita angapo kupitirira mphambano. Ici sicifuna simenti yambiri, cimafuna kumvana ndi eni machapa ndi kulimba mtima.

Kanjira ka oyenda pansi m'mbali mwa msewu ndi nkhani yautali. Kumene kulibe, anthu amayenda pa tara pomwepo, msana atapatsa galimoto. Kumene kalipo, nthawi zambiri pamakhala pataimikidwa galimoto, kapena pali dzenje la ngalande losatseka, kapena payalidwa malonda. Anthu ambiri amafulumira kuloza cala amayi ogulitsa tomato, mbatata ya kacewere ya ku Angónia, malambe, masawu ndi nsomba zouma. Amati awathamangitse. Koma mayi amayala malonda pamene pakudutsa anthu, popeza ndi pomwe ana ake adyere, ndipo akathamangitsidwa m'mawa, madzulo amabwerera. Galimoto imodzi yoimikidwa pa kanjirako imadya malo a amayi anayi kapena asanu, koma mwini wake palibe amene amamuthamangitsa. Cilungamo n'cakuti malo agawidwe: mzere wa malonda kumbuyo, njira ya mapazi kutsogolo, galimoto pa msewu. Kunena zoona, amayi amenewa ndi maso a msewu. Mwana wosocera kapena wogwa, woyamba kumuthandiza amakhala iwowo.

Mu Tete muli cinanso cimene wolemba mapulani ali mu ofesi yozizira angaiwale, ndico dzuwa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Munthu woyenda pansi amatsata mthunzi monga mbuzi itsata msipu. Ngati mitengo ili tsidya lina la msewu, adzawolokera komweko, ngakhale malo owolokera atalembedwa patali mamita 200. Sadzayenda mtunda umenewo pa dzuwa la masana kuti akapeze mizere yoyera. Motero malo owolokera aikidwe pamene anthu akuwolokera kale, pamene mapazi apanga njira, ndipo m'mbali mwa misewu mubzalidwe mitengo. Usiku pakufunika nyale. Masukulu ambiri a mumzinda amaphunzitsa mosinthana, ena m'mawa, ena masana, ndipo a masana amaweruka dzuwa litapendeka. Palinso akulu ophunzira usiku. Cigawo comwe cili ndi damu la Cahora Bassa, lomwe magetsi ake amayatsa nyumba mpaka ku South Africa, sicingalephere kuyatsa babu pamwamba pa malo owolokera ana.

Ena amakonda milatho ya pamwamba pa msewu, yokwera ndi masitepe. Imaoneka yaulemu, ndipo tsiku lotsegulira pamakhala podulira riboni. Pa msewu waukulu wa kunja kwa mzinda ingathandize. Koma pakati pa mzinda, mayi wobereka mwana ndi dengu pamutu, mnyamata wokankha njinga ya matumba a makala, munthu wa pa njinga ya olumala, onsewa sakwera masitepe 40 kuti akatsikenso 40. Amadutsa pansi, pamene galimoto zikuthamanga kuposa kale cifukwa madalaivala akuganiza kuti pansi palibenso munthu. Akagundidwa, anthu amati ndi wosamva. Ndalama za mlatho umodzi wotere zingamange malomba ndi tizilumba pa masukulu ambiri.

Nanga ndalamazo zicokera kuti? Funsoli ndi loyenera, pakuti dziko ndi losauka ndipo masukulu ena alibe ngakhale madesiki. Koma pali citsanzo kwa anansi. Mumzinda wa Dar es Salaam, ku Tanzania, bungwe lochedwa Amend linayamba kusankha masukulu amene ana ake ankagundidwa kwambiri. Pa sukulu iliyonse ankaika zinthu zing'onozing'ono: malomba, mizere yowolokera, tinjira ta mapazi, zipilala zochinga galimoto, zikwangwani, ndipo pena kungosuntha geti la sukulu kuti lisatulukire pa msewu waukulu. Ataŵerenga pambuyo pake, anapeza kuti ana ovulala anacepa ndi 26 pa 100 aliyense. Nchitoyi inalandira mphoto ya pa dziko lonse mu 2019. Dar es Salaam si mzinda wa Azungu. Uli ndi fumbi, minibasi zodzaza ndi njinga zamoto monga Tete. Kusuntha geti kumafuna njerwa zocepa ndi mmisiri mmodzi. Ndiponso galimoto zowoloka Zambezi zimalipira msonkho wa pa mlatho, umene anthu amati portagem. Msewu wobweretsa ndalama suyenera kusowa utoto wa mizere ya ana. Ngozi nayonso ili ndi mtengo wake, umene banja limalipira lokha: ulendo wa ku cipatala, miyezi yosagwira nchito, mbuzi zogulitsidwa, mwana wosiya sukulu cifukwa ca mwendo.

Nkhaniyi si ya mzinda wa Tete wokha. Msewu wa ku Zóbuè umadutsa pakati pa Moatize. Wopita ku malire a Calómuè umadutsa m'misika ndi m'midzi ya ku Angónia. Paliponse pamene tara wapita pakati pa nyumba za anthu, sukulu mbali ino, mjigo mbali inayo, malo amenewo asanduka msewu wa m'tauni ngakhale pa mapu alembedwa kuti msewu wa dziko. Dalaivala wocokera ku Beira amaona njira ya ku Lilongwe. Mwana wa pamenepo amaona njira ya ku madzi.

Misewu ya mumzinda ili m'manja mwa Conselho Municipal, imene anthu a ku Tete akhala akusankha kuyambira mu 1998. Misewu ikuluikulu ya dziko ili m'manja mwa bungwe la boma la ANE. Akuluakulu amenewa ali ndi mapepala ambiri pa tebulo, ndipo dandaulo longoti "msewu wathu ndi woopsa" limakwiririka msanga. Mwana wosalira amafera mu mbereko. Koma kulira kwake kukhale ndi manambala. Sukulu iliyonse ili ndi khonsolo yake ya makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri a m'dera. Ana a kalasi yacisanu ndi cimodzi angathe kuima m'kati mwa mpanda, pamodzi ndi mphunzitsi, n'kuwerenga kwa sabata imodzi: ndi ana angati amawoloka pa ola lolowa ndi loweruka, ndi galimoto zingati zimadutsa, malole ndi angati. Angayeze mamita 100 ndi cingwe m'mphepete mwa msewu, mphunzitsi n'kugwira wochi, kuti aone masekondi amene galimoto ikutenga. Yotenga masekondi 12 ikuyenda 30. Yotenga masekondi 6 ikuyenda 60. Angajambule mapu a njira zimene amadzera pocokera kunyumba, n'kuika cizindikiro pamene amacita mantha. Makolo amadziwa malo amene panagundidwapo munthu ndi caka cake.

Zonsezi zilembedwe m'kalata imodzi, m'Cipwitikizi kuti ikawerengedwe ku ofesi, ndi m'Cinyanja kapena m'Cinyungwe kuti makolo adziwe cimene akusainira. Kalatayo ichule malo enieni, ipemphe zinthu ziwiri kapena zitatu zokha, monga lomba wathyathyathya pa geti, kacilumba pa mphambano ndi nyale imodzi, ndipo ikaperekedwe ndi manja. Wolandira adinde cidindo pa kope lotsala, alembepo tsiku. Kope limenelo lisungidwe mu ofesi ya sukulu, kuti pakatha miyezi itatu popanda yankho, khonsolo ibwererenso nalo.